Wopanga ndi wogulitsa atakangana: mbiri ya kampani ya Software Arts

Tsiku lina Loweruka, komiti ya cuma ya parishi yathu inakhala pansi kukambirana za denga la chalichi ca ku senta ina, limene mphepo inasasula. Mnyamata amene amathandiza amai msungicuma anabwera ndi kompyuta yake ya m'manja, naiika pa thebulo pakati pathu. Pa galasi lake panali mizere yoima ndi yopingasa monga m'buku la maakaunti, ndipo m'timabokosi munalembedwa malata, misomali, matabwa, malipiro a mmisiri ndi mtengo wa ciliconse. Mkulu wina anafunsa kuti, "Nanga lata lililonse likakwera ndi K20 tisanagule, tidzafunika zingati?" Mnyamata uja anafufuta nambala imodzi cabe nalemba ina. Nthawi yomweyo manambala onse a m'munsi anasintha okha, kufikira pa ciwonkhetso ca pansi peni-peni. Agogo ena amene akhala m'komiti zaka zambiri anapukusa mutu nati, "Kodi si mmene ndalama za mpingo zimasowera mmenemu?"

Tinaseka, koma funso lao silinali lopusa, ndipo tidzabwererako. Ife amene tinaphunzira kusunga mabuku a parishi ndi pensulo ndi labala tikudziwa kuti kale funso la mkulu uja likanatidyera madzulo athunthu. Unali kufufuta mzere woyamba, waciwiri, wacitatu, mpaka pepala kubooka, ndipo pomaliza n'kupeza kuti manambala sakugwirizanabe. Pulogalamu imene mnyamata uja anagwiritsa nchito ndi Excel ya kampani ya Microsoft. Alembi a makopaletivu ambiri amalembamo maina a alimi ndi matumba a fataleza, ndipo aphunzitsi amawonkhetseramo mamalikisi a ana. Koma nzeru yake siinayambire ku Microsoft. Inayambira m'kacipinda ka m'mwamba, ka pansi pa denga, m'tauni ya Arlington ku Massachusetts m'dziko la America, m'manja mwa anthu awiri amene kampani yao inali kuchedwa Software Arts. Kampaniyi inakhala ndi moyo zaka 6 cabe. Tafuna kufotokoza mbiri yake cifukwa cimene cinaigwetsa ndi cinthu cimene mlimi aliyense wa thonje kapena fodya amacidziwa bwino: pangano la pakati pa amene amapanga cinthu ndi amene amacipititsa ku msika.

Poyamba tithandize amene sanakhudzepo makinawa. Kompyuta payokha ili ngati ngolo yopanda ng'ombe ndi woyendetsa. Cimene cimaiuza zocita ndi malangizo olembedwa ndi munthu, ndipo malangizowo ndiwo pulogalamu. Kale makompyuta anali akulu-akulu odzaza cipinda, a boma, mabanki ndi mayunivesite, ndipo mapulogalamu ambiri anali kubwera pamodzi ndi makina ngati basela. Mu 1969 kampani ya IBM inayamba kulipiritsa mapulogalamu paokha, ndipo pang'ono-pang'ono anthu anazolowera zakuti malangizo olembedwa ndi katundu wogulitsika. Ca m'ma 1977 kunatuluka timakompyuta tating'ono tokwana pa thebulo, monga Apple II, koma amalonda anali kutiona ngati tidole. Anali kutigula ndi okonda kuseweretsa mawaya ndi ocita masewera.

Dan Bricklin anabadwa mu 1951 ku Philadelphia. Anaphunzira za makompyuta pa sukulu ya MIT, nagwirako nchito ku kampani ya Digital Equipment Corporation yopanga pulogalamu yolembera makalata, ndipo mu 1977 analowa sukulu ya zamalonda ya Harvard. Kumeneko ophunzira amapatsidwa nkhani za makampani eni-eni kuti awerengere zolowa, zotuluka ndi phindu la zaka zingapo za kutsogolo. Ukalakwa nambala imodzi koyambirira, zonse zotsatira zimakhala zolakwika, ndipo uyenera kuyambiranso. Mu 1978, ali m'kalasi, a Bricklin anayamba kulota ali maso za bolodi limene ukafufuta nambala imodzi n'kulemba ina, manambala onse odalira iyo amadzikonza okha iwe ukuona.

Tisanamizire kuti palibe amene anaganizapo zofanana ndi izi. Makampani akulu anali nao kale mapulogalamu owerengera ndondomeko za cuma pa makina ao aja odzaza cipinda, ndipo ku Canada, Rene Pardo ndi Remy Landau anapanga ina yochedwa LANPAR mu 1969. Catsopano ca a Bricklin cinali cakuti munthu wamba, wosaphunzira za makompyuta, akhale yekha pa kamakina kake, aloze kabokosi, alembemo, naona yankho pomwepo. Ndipo popeza ife tinadutsako ku seminale yaing'ono, tiloleni tikumbutse kuti ngakhale buku la maakaunti lenileni liri ndi dzanja la Mpingo. Amene anayamba kusindikiza mwadongosolo njira yolemba ndalama iriyonse kawiri, mbali yolowa ndi mbali yotuluka, anali Luca Pacioli, wa cipani ca a Fransisko, ku Venice mu 1494. Nayenso sanaitulukire yekha. Analemba zimene amalonda a kumeneko anali kucita kale. A Bricklin anatenga tsamba lakale lomwelo nalipatsa mphamvu yodziwonkhetsa.

Aphunzitsi ena a pa Harvard anawalimbikitsa. Wina wa zacuma anawagwetsa ulesi, poona kuti makampani ali nazo kale zowerengera, komabe anawalozera kwa wophunzira wake wakale, Dan Fylstra, amene anali ndi kakampani kogulitsa mapulogalamu kochedwa Personal Software. Katundu wake wodziwika panthawiyo anali masewera a chess olembedwa ndi mnzake Peter Jennings. A Fylstra anabwereka a Bricklin kompyuta ya Apple II, ndipo pa iyo anapanga citsanzo coyamba, coyenda mwaulesi koma coonetsa kuti nzeruyo ingatheke. Kuti cikhale cinthu cogulitsika panafunika mmisiri woposa, ndipo a Bricklin anaitana bwenzi lao la ku MIT, Bob Frankston. Pa 2 Januwale 1979 awiriwa analembetsa kampani ya Software Arts.

Ofesi yao inali kacipinda kaja ka pansi pa denga m'nyumba imene a Frankston anali kucita lendi. Analibe kompyuta yaikulu yao-yao yokonzera pulogalamu, motero anali kulipira nthawi pa makina a ku MIT kudzera pa waya wa foni, ndipo popeza usiku mtengo unali wotsika, a Frankston anali kugona masana ndi kulemba usiku. A Bricklin akaweruka ku sukulu anali kubwera kudzayesa zimene zalembedwa ndi kupeza zolakwika. Vuto lalikulu linali malo. Apple II inali ndi nkhokwe yaing'ono kwambiri yosungira zimene ikugwirapo nchito, ndipo pulogalamu yonse pamodzi ndi manambala a mwini wake zinayenera kukwana m'makina a 32K. Cithunzi cimodzi cimene mumajambula ndi foni lero cimaposa pamenepo kambiri-mbiri. Liu lililonse losafunikira anali kulicotsa, monga mmene mai amalongera katundu wa ulendo wautali m'cikwama cimodzi.

Apa ndi pamene panalowa pangano. A Fylstra anatengera dongosolo la osindikiza mabuku: wina alemba, wina asindikiza ndi kugulitsa, ndipo wolemba alandira gawo lake pa buku lililonse. Software Arts inavomera kupanga pulogalamu, kuikonzabe ndi kuisinthira ku makompyuta a mitundu ina. Personal Software inavomera kuilengeza ndi kuigulitsa. Pa madola 100 alionse amene wogulitsa analandira pa malonda a nthawi zonse, madola 35.7 anali a opanga. Olemba mabuku kawiri-kawiri amalandira 10 kapena 15 pa 100, cotero gawoli linali lalikulu zedi. Koma mu 1979 palibe amene anaona vuto. Onse anali acinyamata, msika unali waung'ono, ndipo kugulitsa pulogalamu kunali kuika cilengezo m'magazini ndi kutumiza katundu ku timasitolo. Anagawana nyama isanagwidwe, asakudziwa ngati idzakhala kalulu kapena njati.

Pulogalamuyo anaicha VisiCalc, dzina lofupikitsa mau a Cingerezi otanthauza coŵerengera cooneka ndi maso. Mu Juni 1979 anaionetsa pa msonkhano waukulu wa zamakompyuta ku New York, ndipo pamene a Frankston anaima kuti aifotokoze, ambiri mwa omvera anali abale ndi abwenzi ao. Mmodzi mwa ocepa amene anazindikira msanga anali Ben Rosen, katswiri wolangiza osunga ndalama m'makampani, amene analemba kuti tsiku lina anthu adzagula makina cifukwa ca pulogalamu imeneyi. Inayamba kugulitsidwa mu Okutobala 1979 pa mtengo wa pafupi-fupi madola 100, ndipo mau a a Rosen anapherezera. Owerengera ndalama ndi eni mabizinesi anali kulowa m'sitolo kufunsa VisiCalc, ndipo akauzidwa kuti imayenda pa Apple II cabe, anali kutulutsa madola pafupi-fupi 2,000 kugula makinawo. Zinali ngati munthu kugula ng'ombe ziwiri cifukwa waona pulawo yabwino. Steve Jobs mwiniwake wa ku Apple anadzavomereza pambuyo pake kuti VisiCalc ndiyo inakankha malonda a Apple II. M'zaka 6 makope oposa 700,000 anagulitsidwa.

Kodi anthuwo anaona ciani? Tsamba la VisiCalc linali ndi mizere yoima 63 yochedwa ndi zilembo, ndi yopingasa 254 yochedwa ndi manambala, kotero kuti kabokosi kalikonse kanali ndi dzina, monga A1 kapena B7. Maina otere ndi omwe mumawaona mu Excel mpaka lero. M'kabokosi ungalembemo liu, nambala, kapena lamulo lakuti tenga za m'kabokosi aka ucurukitse ndi za m'kabokosi ako. Tiyerekeze mlimi wa cimanga. Alemba mahekitala ake, matumba a fataleza pa hekitala, mtengo wa thumba, mbeu, aganyu, masaka ndi mayendedwe. M'munsi alemba matumba amene akuyembekeza kukolola ndi mtengo wa pa msika. Akatero angafunse mafunso amene amamusowetsa tulo: nanga mvula ikadula msanga n'kukolola theka? Nanga nditalima nsawawa pa hekitala imodzi m'malo mwa cimanga? Yankho lililonse limabwera asanaphethire. Mphamvu ya pulogalamuyi inali pa funso lakuti "nanga", pakuti munthu anatha kuyesa njira khumi pa pepala asanaike khasu pansi kapena kukatenga ngongole.

Ambiri amafunsa cifukwa cimene awiriwa sanatetezere nzeru yao ndi patenti, cikalata ca boma coletsa ena kupanga cinthu cofanana kwa zaka zingapo. Anafunsira kwa loya mu 1979, ndipo anauzidwa kuti mwai wopatsidwa patenti ya pulogalamu unali wocepa ndipo ndalama zake zinali zambiri. Khoti lalikulu la America linayamba kutsegula khomo limenelo mu 1981, VisiCalc itafala kale. Cotero lamulo linateteza malangizo eni-eni amene a Frankston analemba ndi dzina lakuti VisiCalc, koma nzeru ya tsamba lodziwonkhetsa inali ya aliyense. Posakhalitsa kunabwera SuperCalc ya kampani ya Sorcim, ndipo mu 1982 Microsoft inatulutsa yake yochedwa Multiplan. Ife sitiona tsoka pamenepa. Cikhala kuti nzeruyo inatsekeredwa m'manja mwa kampani imodzi, mwina ikanacedwa kufika m'maofesi a maparishi ngati yathu.

Tsoka linacokera m'nyumba. Personal Software inasamukira ku California, makilomita oposa 4,000 kucokera ku Massachusetts. Inalandira ndalama kwa anthu olemera oika cuma m'makampani atsopano, ndipo utsogoleri wa tsiku ndi tsiku unapatsidwa kwa Terry Opdendyk wocokera ku kampani ya Intel. Atsogoleri atsopanowa sanalipo pamene pangano linali kulembedwa, ndipo sanakwerepo masitepe a kacipinda ka ku Arlington. Iwo anaona cabe kuti kulengeza malonda, kulipira ogulitsa ndi kuthandiza ogula kunali kudya ndalama zambiri caka ndi caka, pamene gawo loposa limodzi mwa magawo atatu linali kupita kwa anthu amene, m'kuona kwao, anatsiriza kale nchito yao. Mu 1982 anasintha dzina la kampani kukhala VisiCorp, natulutsa mapulogalamu ena oyamba ndi "Visi", ndipo ogula ambiri sanadziwe n'komwe kuti kuli Software Arts. Opanga nao anaona kuti dzina la mwana wao likudyetsa ena. Anatanganidwanso ndi kusinthira VisiCalc ku makina osiyana-siyana, a Atari, Commodore, Radio Shack, Hewlett-Packard ndi IBM, nchito yotopetsa imene inawasiyira nthawi yocepa yoti apititse pulogalamuyo patsogolo.

Alimi a thonje sadzadabwa nazo. Kucokera pamene Lintco inagulitsidwa m'zaka za m'ma 1990, tazolowera dongosolo lakuti kampani ipereka mbeu ndi mankhwala pa ngongole, mlimi alima, ndipo kampani igula thonje n'kudulapo zake. Pa nthawi yolembetsa onse amamwetulira. Mkangano umabuka pa sikelo, mtengo ukasintha: mlimi aganiza zogulitsa kwa wina wa m'mbali, kampani iganiza kuti yaberedwa. Kusiyana kwake n'kwakuti m'nkhani ya VisiCalc amene anayamba kulira kuti pangano likumupweteka anali wogulitsa, pakuti wopanga ndiye anali ndi gawo lonona. Koma muzu ndi umodzi. Pangano linalembedwa poyerekeza zokolola za mtundu wina, zokolola zinabwera za mtundu wina, ndipo munalibe njira yabwino yokhaliranso pansi. Buku la Genesis limasimba kuti abusa a Abrahamu ndi a Loti anayamba kukangana pamene ziweto zinacuruka, osati pamene zinali zocepa. Awo anatha kukambirana nagawana dziko mwamtendere. A ku Massachusetts ndi a ku California anayesa kukambirana kangapo, koma sanamvane.

M'malo mwake aliyense anayamba kulima dimba lake lam'mbali kuti asadalire mnzake. Software Arts inaika mphamvu pa pulogalamu ya mainjiniya yochedwa TK!Solver. VisiCorp inathira ndalama zambiri pa Visi On, dongosolo latsopano loyendetsera kompyuta ndi zithunzi, limene linatuluka kumapeto kwa 1983 koma silinagulidwe kweni-kweni. Akulu anati ici cakoma ici cakoma pusi anagwa cagada. Munda umene unali kudyetsa mabanja onse awiri unatsala wosapalira, ndipo inali nyengo yoipa kuusiya, pakuti mu Ogasiti 1981 IBM inali itatulutsa kompyuta yake yaing'ono, IBM PC, yamphamvu ndi ya nkhokwe yaikulu kuposa Apple II. VisiCalc inalipo pa makinawo kuyambira paciyambi, koma inali pafupi-fupi yomwe ija yakale, yosagwiritsa nchito mokwanira mphamvu zatsopanozo.

Amene anaona mpata anali munthu wa m'nyumba momwemo. Mitch Kapor, amene kale anali woulutsa nyimbo pa wailesi ndiponso mphunzitsi wa kusinkha-sinkha kwa ku India, analemba mapulogalamu awiri ojambula magilafu kucokera ku manambala a VisiCalc, VisiPlot ndi VisiTrend, ndipo anagwirako nchito ku Personal Software. Kampaniyo inamugula ufulu wa mapulogalamuwo ndi ndalama zoposa madola 1 miliyoni. Mu 1982 iye ndi mmisiri Jonathan Sachs anayambitsa kampani ya Lotus, ndipo mmodzi mwa oikamo ndalama anali Ben Rosen yemwe uja amene anatamanda VisiCalc mu 1979. Iwo sanamwaze mphamvu. Anasankha makina amodzi, IBM PC, nalemba pulogalamu yothamanga kwambiri pa iwo, yophatikiza zinthu zitatu: tsamba lowerengera, magilafu ndi kaundula wosanja maina. Ndiye cifukwa cake anaicha 1-2-3. Ngakhale tinthu tating'ono anatisamala; mwacitsanzo, munthu anatha kukulitsa mzere umodzi woima kuti dzina lalitali likwane, cimene VisiCalc yoyamba siinali kulola. Ndipo pa Lotus wopanga ndi wogulitsa anali nyumba imodzi, popanda wina wolozera mnzake cala. Inatuluka pa 26 Januwale 1983 pa mtengo wa madola 495, ndipo m'caka coyamba malonda anafika madola 53 miliyoni.

Munthu angayembekezere kuti mdani akafika pa cipata, a m'nyumba aleka kukangana. Sizinatero. Mu Seputembala 1983 VisiCorp inasumira Software Arts ku khoti, kufuna madola 60 miliyoni, ponena kuti opanga anacedwa kupereka VisiCalc yatsopano yamphamvu ya pa IBM PC. Software Arts inabwezera mlandu, ponena kuti wogulitsa sanaikepo mtima pa kugulitsa VisiCalc koma anali kukankha katundu wake-wake. Kwa caka cathunthu atsogoleri a mbali zonse anali kwa maloya, kufukula makalata akale, pamene masitolo anali kudzaza mashelefu ndi 1-2-3. Mu 1984 anagwirizana kunja kwa khoti: VisiCorp inalipira madola 500,000 ndi kubweza dzina la VisiCalc kwa opanga. A Bricklin ndi a Frankston anapambana ndithu, koma cimene analandira cinali nkhokwe yoti anankafumbwe anatha kale. Analibe anthu odziwa kugulitsa, ndipo ogula anali atapita. VisiCorp inamezedwa ndi kampani yaing'ono yochedwa Paladin. Mu 1985 Lotus inagula Software Arts, ndipo m'caka comweco inaleka kugulitsa VisiCalc.

Kodi wolakwa anali ndani? Ife tikuona kuti mbali iriyonse inali ndi coonadi cake. N'zoona kuti gawo la 35.7 linali lolemera kwa wogulitsa pamene msika unakula, ndipo n'zoonanso kuti popanda usiku uja wa ku Arlington wogulitsayo akanakhalabe ndi masewera a chess. Koma tikaika pa sikelo, colakwa cacikulu ticiona pa amene anathamangira ku khoti. M'makhoti a m'midzi ndi m'mabwalo a mafumu taona milandu ya malire imene abale awiri amagulitsa mbuzi zonse kuti apambane, ndipo pamene ciweruzo cifika, nyengo yobzala yapita. Opanga naonso sitingawayeretse. Amisiri ali ndi matenda ao: amakonda kuyamba cinthu catsopano kuposa kusamala cakale cimene anthu akucigwiritsa nchito. Timaziona ngakhale mu Mpingo, pamene tifulumira kuyala maziko a holo yatsopano denga la chalichi likudontha.

Lotus nayo siinakhale pa mpando mpaka muyaya. Microsoft inatulutsa Excel mu 1985 pa makompyuta a Macintosh ndi mu 1987 pa Windows, ndipo Lotus inacedwa kusamukira ku Windows monga mmene VisiCalc inacedwera pa IBM PC. IBM inagula Lotus mu 1995 ndi madola 3.5 biliyoni, ndipo mu 2013 inaleka kugulitsa 1-2-3.

Tsopano tibwerere kwa agogo aja ndi funso lao. Uthenga Wabwino wa Luka, mutu 16, umasimba za kapitao amene anaitana angongole a mbuye wake nawauza kuti asinthe manambala pa makalata ao. Pa pepala, kusintha kotere kumasiya cipsera: inki yosiyana, malo ofufutidwa, dzanja lina. Pa tsamba la a Bricklin sipatsala cipsera ciliconse, pakuti linapangidwira dala kuti kusintha kukhale kopepuka. Cimene cimalipanga kukhala cida cabwino coyerekezera za mawa ndico cimalipanga kukhala mboni yofooka ya za dzulo. Ndipo sikuti pamafunika wakuba. Zaka zingapo zapitazo, lipoti la zopereka za pa Pasaka m'parishi yathu linaonetsa ndalama zocepa kuposa zimene masenta ananena kuti anatumiza. Manong'onong'o anayamba m'miphakati, ndipo munthu wosalakwa anatsala pang'ono kutula udindo ndi manyazi. Titafufuza tinapeza kuti senta yatsopano inalembedwa pa mzere wa pansi, koma lamulo lowonkhetsa linali kulekezera pa mzere wa pamwamba pake. Makina anawonkhetsa bwino-bwino zimene anauzidwa. Tisadzione opusa: mu 2013 wophunzira wina wa ku Massachusetts, Thomas Herndon, anapeza colakwa ca mtundu womwewo m'kafukufuku wochuka wa ngongole za maiko wolembedwa ndi akatswiri awiri a pa Harvard, Carmen Reinhart ndi Kenneth Rogoff. Maiko asanu anatsala kunja kwa ciwerengero, ndipo andale ena anali atagwiritsa kale nchito kafukufukuyo poteteza kudula ndalama za boma.

A Bricklin anapitiriza kulemba mapulogalamu m'kakampani kena kakang'ono kochedwa Software Garden, ndipo a Frankston anagwirako nchito ku Lotus ndi ku Microsoft. A Bricklin ananenapo poyera kuti VisiCalc siinawalemeretse, koma amakhutira poona kuti inasintha kagwiridwe ka nchito ka anthu. Sukulu ya Harvard inakhoma cikwangwani m'kalasi ya Aldrich 108, mmene maloto aja anayambira. Lotus inadzalola kuti VisiCalc ya pa IBM PC iperekedwe kwaulere kwa ofuna kuona mmene inalili, ndipo yonse ndi pafupi-fupi 27K.

Pa msonkhano wathu uja, agogo sanakhutire ndi kufotokoza kwa mnyamata. Anapempha kuti tsambalo lisindikizidwe pa pepala, kuti wapampando, msungicuma ndi nthumwi ya ku senta asaine pansi pake ndi kulemba tsiku, ndiponso kuti buku lakale la cikuto cakuda lipitirize kulembedwa ndi inki. Komiti inavomera. Anapemphanso kuti pangano ndi mmisiri wa denga likhale ndi mzere wonena cimene cidzacitike mitengo ikasintha nchito iri pakati, ndi amene adzaweruze ngati sitimvana. Mmisiri anayamba wakana, ponena kuti iye ndi mkhristu mnzathu ndipo sitifunika kukayikirana. Agogo anamuyankha kuti n'cifukwa cake akufuna zilembedwe, kuti caka camawa tidzathe kupatsana moni wa mtendere pa Misa. Anasaina Lacitatu lotsatira, ndipo malata tinakagula atakwera kale ndi K15.